Jeneza pa Mzere wa Laimu

Esnat Makwinja anali atakhala pa desiki la ana, mawondo atagunda thabwa, pamene anamva amayi akulira maliro kuseri kwa chipinda chophunziriramo. Kulirako kunakwera bwinobwino, kenaka kunathera m'chikhakhali.

"Iwe Hidaya, ukulira ngati mbuzi yomangidwa!" anatero wina kunjako. "Tayambiranso."

Anayambiranso, n'kusekanso.

Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi pa Njuli. Akuluakulu a polisi anabwereka bwalo la sukuluyo kuti ayeserepo anthu asanu amene ankafuna kukwezedwa kuti akayang'anire mapolisi ang'onoang'ono a m'boma la Chiradzulu. Mayeso ake sanali a papepala. Aliyense ankamukonzera ngozi yabodza, yoseweredwa ndi ophunzira upolisi ovala ngati anthu wamba, n'kumupatsa apolisi khumi ndi awiri kuti aone mmene angalamulire zinthu zikavuta. Woyamba m'mawa uja anamupatsa minibasi yogubuduzika. Wachiwiri anamupatsa wakuba wodzitsekera m'sitolo pamodzi ndi mwini sitoloyo. Esnat anali wachitatu, ndipo ndi kulira kuja anadziwiratu kuti zake zikhala za maliro.

Uwu unali ulendo wake wachitatu pa mayeso amenewa, ndipo anali atamuuza poyera kuti wachinayi kulibe. Ulendo woyamba anachedwa kulamula. Wachiwiri ndiye ankamupwetekabe mumtima. Tsiku limenelo analola mayi wina woyembekezera kudutsa pamzere wa apolisi chifukwa ankabuula kuti matenda ayamba, koma mimbayo inali chigubu cha petulo chokulungidwa m'chitenje. Pa lipoti lake anamulembera mawu awiri okha: wofewa mtima. Anzake kuntchito ankamutcha Mayi Busa, poti sankakwera galimoto ya polisi asanaweramitse mutu. Iye sankakwiya nazo. Koma polisi ina yaing'ono ya kufupi ndi ku Mbombwe, kwawo kwenikweni, inalibe mkulu, ndipo atatumikira zaka makumi awiri ndi ziwiri ankalakalaka atakamalizira ntchito pakati pa anthu amene anamulera.

Chitseko chinatseguka, n'kulowa a Jeremiah Likaka, mkulu wa oyesa, bambo wamtali wa imvi m'mbalimu.

"Sabu Insipekita Makwinja, mumve bwino, sindibwereza. Chipinda chino ndi polisi yanu. Wakabaza wina, dzina lake Nasir, wafera m'chitokosi mwanu. Abale ake atenga mtembo, akubwera nawo kuti adzausiye pakhomo panu n'kuyatsa polisi. Pabwalopo tathira mzere wa laimu. Mtembo ukangodutsa mzere umenewo, polisi yapsa, inu mwalephera. Ine ndikhala pansi pa mtengo wa mango uko ndi anzanga awiri, ndizilankhula pa wayilesi ngati likulu. Zipolopolo palibe, koma utsi wokhetsa misozi ndi weniweni. Ophunzira athu anauzolowera."

"Ndamva, bwana."

A Likaka anaika wenzulo wachitsulo pa desiki.

"Wenzulo uyu ndi wa ngozi yeniyeni basi. Wina akathyoka mwendo muyimbe katatu, zonse ziima. Mukayimba chifukwa mtima wakugwirani, ndiye kuti mwadzichotsa nokha." Anafika pakhomo n'kucheuka. "Komanso musakagwade pabwalopo n'kuyamba pemphero, mayi."

"Ndapemphera kale, bwana."

Kunja dzuwa linali litaima paliwombo. Phiri la Chiradzulu linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa anthu otentha mapesi m'minda. Bwalo lonse linali fumbi lokhalokha, lopanda ndi kaudzu komwe. Kanjira kena kochokera kumidzi kankadula bwalolo pakati, kudutsa pamzere wa laimu uja, n'kukhotera kuseri kwa makalasi kumene kunali kankhalango ka mitengo ikuluikulu. Esnat anakaona kanjirako, koma maganizo ake anali pa anthu ake.

Anaimika apolisi asanu ndi atatu pamzere, aliyense ndi chishango. Atatu anawatuma kukalondera kuseri. Sajeni Edwin Matope, amene ananyamula mfuti ya utsi, anamuika pambali pake.

"Madamu, lero tiwalawitse ana amenewa," anatero Matope akusisita mfutiyo. "Akhala akutiseka chiyambire m'mawa."

"Simuwombera popanda mawu anga, a Matope."

"Ndiye mawu anuwo asachedwe ngati chaka chija."

Esnat ankang'ung'udza chamumtima nyimbo ya kutchalitchi imene mayi ake ankakonda kuyimba akamapalira, ndipo thukuta linkatsika mumsana mwake. Panadutsa mphindi khumi, kenaka makumi awiri. Kuseri kuja kulira kunali kutasiya kalekale.

Kenaka fumbi linatumphuka kumapeto kwa kanjira kaja.

Anatulukira amuna ambiri, ovala makofia, akuyenda mwachangu ngati anthu othawa mvula. Pakati pawo, pamapewa, panali jeneza, chithatha chimene Asilamu amanyamulira maliro, chophimbidwa ndi nsalu yobiriwira. Sankakuwa kapena kuyimba. Kunkangomveka mapazi ndi mawu apansipansi obwerezabwereza.

Wayilesi ya pachifuwa pa Esnat inalira. "Likulu. Afika anthu anu. Asadutse."

Esnat anakweza chimkuzamawu. "Imani pomwepo! Ino ndi polisi. Palibe wodutsa mzere uwu!"

A kutsogolo anabweza liwiro n'kuyang'anana, koma a m'mbuyo ankakankhabe. Gulu lonse linadzaima patatsala mapazi asanu kuti lifike pa zishango.

"Eee, awa ndiye akonzeka," ananong'ona Matope. "Mpaka abwereka agogo enieni."

Esnat anaunguza m'gulumo. Amayi aja ali kuti? Anali atawamva ndi makutu ake akuyeserera kulira, koma pano panalibe chitenje ndi chimodzi chomwe. Iye anakulira moyandikana ndi Asilamu. Maliro akagwa kwa aneba, mayi ake ankapita kukakhala ndi amayi anzawo pasiwa, ndipo amayi onse ankatsala pomwepo, kumanda kumapita amuna okhaokha. Kodi wokonza seweroli anakumbukira zimenezi pamapeto pake n'kuwabweza atsikana aja? Zinali zotheka.

Anayang'ana jenezalo. Ngakhale gulu linali litaima, onyamula sanalitule pansi. Ankangosinthana, wina kulowa wina kutuluka, monga mwa mwambo wawo woti aliyense anyamuleko. Ndipo aliyense wolowa, phewa lake linkatsika pang'ono.

M'gulumo munatuluka bambo wachikulire wa ndevu zoyera, atavala mkanjo wofika m'mawondo.

"Amayi apolisi, kwagwanji? Mwatitsekera njira chifukwa chiyani?"

"Ndinu ndani, bambo?"

"Ndine Halidi. Awa ndi alongo anga, Abiti Lajabu. Atisiya m'bandakucha. Taswali kale, mapemphero atha, tikukawaika."

Matope anaseka chapansipansi. "Mwamva, madamu? Nasir uja wasanduka Abiti. Chigubu china chimenecho."

Wayilesi inaliranso. "Likulu. Akukunamizani amenewo. Abwezeni."

Mawu a Matope anamulasa pachilonda penipeni. A Likaka ankadziwika ndi misampha yotere. Mayi wa petulo uja nayenso ankaoneka weniweni, misozi yake inali yeniyeni, milomo yake inkanjenjemera. Ngati uwu unali msampha ndipo iye n'kugwamonso, dzina la Mayi Busa likanamukakamira mpaka tsiku lopuma ntchito.

"Bwererani m'mbuyo mapazi khumi," anatero pa chimkuzamawu, mawu ake akumveka achilendo kwa iye mwini. "Tikambirane muli uko."

Gulu linayamba kung'ung'udza.

"Maliro sabwerera m'mbuyo!" anakuwa wina.

"Talakwanji ife? Nawonso manda ayamba kufuna chilolezo?"

"Tiyeni tidutse, aone chochita!"

Che Halidi anakweza dzanja kuti awatontholetse, koma amuna a m'mbuyo anali atayamba kukankha. Jeneza linasendera kutsogolo phazi limodzi. Apolisi anagundanitsa zishango. Mwala unachokera chakumbuyo n'kudzamenya chishango cha pakati, phokoso lake n'kumveka bwalo lonse.

Matope anatchera mfuti n'kuilozetsa m'mwamba mwa gululo.

"Likulu," anatero a Likaka pa wayilesi. "Aponya mwala. Lamulani utsi."

"A Matope, dikirani."

"Madamu, alowatu awa!"

"Ndati dikirani!"

Esnat anaika chimkuzamawu pansi. Anapatula zishango ziwiri ndi manja ake, n'kudumpha mzere wa laimu, yekha, wopanda chomuteteza. Podutsa anaona kuti Konsitebulo Bilal, amene anali kumapeto kwa mzere, chishango chake chatsika, ndipo milomo yake ikuyenda pamodzi ndi mawu a onyamula aja.

"Makwinja, mukupita kuti?" inakalipa wayilesi. "Mkulu sachoka pamalo ake. Ndiwerenga mpaka teni. Mukapanda kulamula, ndilemba kuti mwakana lamulo. Wani."

Esnat anaima maso ndi maso ndi Che Halidi. Anapinda mawondo pang'ono monga anaphunzitsidwa kwawo polankhula ndi akulu.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Manda ali kuti?"

Mkuluyo analoza ndi chibwano mitengo ya kuseri kwa makalasi. "Si apo? Njira yake ndi yomweyi, sukuluyi inatipeza tikudutsa. Adzukulu akutidikira, dzuwa likuwotcha, mtembo sutidikira. Mwanawe, tatiuza chimene talakwa."

"Folo," inatero wayilesi. "Faifi."

Poweramitsa maso mwaulemu, Esnat anaona miyendo ya mkuluyo. Mpendero wa mkanjo unali ndi dothi lofiira, ndipo dothi lomwelo linali litamatirira pakati pa zala za kumapazi, lonyowa, lisanaume n'komwe. Mvula inali isanagwe chiyambire Epulo. Dziko lonse kuyambira pa Njuli mpaka ku Likoswe linali louma gwa. Dothi lonyowa chotero, mwezi umenewu, likanachokera m'dzenje lakuya basi.

"Munalowa m'mandamo, bambo?"

"Nanga ndikanatuma ndani kukaona pogona alongo anga?"

"Seveni."

Wophunzira upolisi akhoza kudzipaka tomato kuti aoneke wamagazi, anaganiza Esnat. Akhoza kubwereka kofia ndi mkanjo. Kodi akhoza kukumbukira dothi la pakati pa zala? Mwina ayi. Koma mwina a Likaka akhoza. Chitsimikizo chenicheni chinali pansi pa nsalu yobiriwira ija, ndipo iye sakanayerekeza kuivundukula pamaso pa amuna amenewa.

"Eyiti. A Matope, konzekani."

Kumbuyo kwake anamva nsapato ya Matope ikusuntha m'fumbi. Utsi ukanagwa pakati pa gululo, onyamula akanatsamwa, manja akanapita kumaso, ndipo chimene ananyamulacho chikanagwa pansi. Ngati munali thunthu la nthochi, onse akanaseka madzulo. Ngati munali munthu, panalibe lipoti limene likanakonza zimenezo.

Sanagwade, monga anamuuzira a Likaka. Anangoti mumtima: Ambuye, Inu mukuona za pansi pa nsaluyo. Ngati ndikulakwa, ndilakwire ndekha.

Anatulutsa wenzulo n'kuyimba katatu.

Bwalo linangoti zii. Nayo wayilesi inasiya kuwerenga.

"Madamu," anatero Matope ndi mawu achisoni, "mwadziwononga."

Esnat anatembenuka. "Mfuti pansi, Sajeni. Pansi ndati! Zishango pansi nonse! Anayi uku, anayi uko, tsegulani njira. Vulani zipewa!"

Palibe mwa apolisiwo amene anamumvapo Mayi Busa akulankhula ndi mawu otero. Anamvera onse nthawi imodzi, ndipo Matope ndiye anayamba kuvula chipewa. Mzere unang'ambika pakati.

"Dutsani, bambo," anatero Esnat kwa Che Halidi. "Mutikhululukire. Mulungu awalandire mayi athuwa."

Mkuluyo anamuyang'ana kanthawi, kenaka anakodola gulu lake. Jeneza linanyamuka. Mapazi ambirimbiri anaponda laimu uja mpaka mzere unasokonekera m'fumbi.

"Madamu," ananong'ona Bilal, chipewa chili m'manja. "Ndinyamuleko?"

Esnat anavomera ndi mutu. Bilal anathamangira kutsogolo, wina anamupatsa malo, ndipo yunifolomu yake inaoneka pakati pa mikanjo mapazi angapo. Esnat anaonetsetsa. Nalo phewa la Bilal linatsika.

A Likaka anali akubwera kuchokera ku mtengo wa mango, fayilo ili m'khwapa, akuponda mwamphamvu moti fumbi linkawatsata.

"Ndani wathyoka mwendo?" anafunsa asanafike n'komwe. "Ndionetseni wovulala, Makwinja! Mwayimba wenzulo, mwalowetsa mtembo, mwachoka pamalo anu. Zitatu nthawi imodzi! Ine ndinakuuzani chiyani?"

Esnat anaima njo. "Ndikukhulupirira kuti ndi maliro enieni, bwana."

"Mukukhulupirira? Kuno si kutchalitchi, mayi!"

Asanapitirize, kunamveka chiphokoso kuchokera mbali ina ya bwalo, kumene kunali mpanda wa nyumba za aphunzitsi.

"Mwatiphera Nasir! Tiotcha! Tiotcha lero!"

Anatulukira anyamata ndi atsikana okwana makumi atatu, atanyamula nthambi ndi zigubu zopanda kanthu. Atsikana ankalira manja ali kumutu, Hidaya uja ali patsogolo kulira kuposa onse. Anyamata anayi ananyamula bokosi la makatoni lophimbidwa ndi bulangete, aliyense ndi dzanja limodzi, bokosilo likudumphadumpha m'mwamba. Anali ophunzira upolisi aja. Anachedwa kufunafuna chophimbira bokosi lawo.

Atafika pakati pa bwalo anaona apolisi atavula zipewa. Anaona msana wa gulu la makofia likulowa pansi pa mitengo. Kulira kunazima mmodzimmodzi. Mmodzi mwa onyamula anatsitsa dzanja, bokosi linapendekeka, ndipo thunthu la nthochi linagwa n'kugubuduka m'fumbi.

Palibe anaseka.

A Likaka anayang'ana thunthulo, anayang'ana mitengo ija, kenaka anayang'ana mfuti ya utsi imene inali pansi pafupi ndi mapazi a Matope. Pang'onopang'ono anakweza dzanja n'kuvula chipewa chawo.

"Nonse khalani pansi," anatero motsitsa mawu. "Pasamveke phokoso mpaka anthu aja atamaliza."

Anakhala pakhonde la sukulu pafupifupi ola lathunthu. Amuna aja atayamba kubwerera m'timagulu, a Likaka anapita okha kukakumana ndi Che Halidi pakanjira paja. Esnat anali pafupi moti ankamva.

"Tinapempha bwaloli sabata yatha, bambo," anatero a Likaka. "Sitinadziwe kuti njirayi ndi ya kumanda. Tachimwa."

"Sabata yatha alongo anga anali kusenda nandolo pakhonde," anayankha mkuluyo. "Imfa siuza mfumu tsiku. Mwala uja waponya ndi mwana wa malemuwa, ndikamudzudzula ndekha. Koma ndikuuzeni, bwana. Mukanatigwetsera mayi ake pansi, ine sindikanatha kuwagwira anyamata aja. Tikanakumba manda ena lero lomwe." Anatembenukira kwa Esnat. "Kwanu n'kuti, mwanawe?"

"Ku Mbombwe, bambo."

"Ndimaona. Mwaleredwa." Anatero n'kumapita, dothi la kumapazi kwake litayamba kuuma.

Mayeso a anthu awiri otsala anaimitsidwa mpaka Lolemba. Dzuwa litapendeka, Esnat anaitanidwa mu ofesi ya ahedi, mmene oyesa atatu aja anakhala kuseri kwa tebulo. Pepala lake linali patsogolo pa a Likaka, ndipo iye anatha kuona kuti mabokosi ambiri anali opanda chizindikiro.

"Pepala ili," anayamba a Likaka, "likufunsa ngati mtembo unadutsa mzere. Unadutsa. Likufunsa ngati munamvera likulu. Simunamvere. Ndili ndi funso limodzi limene palibe apa. Pamene mumayimba wenzulo, munali mutatsimikiza?"

Esnat anadziwa yankho limene likanamveka bwino. Koma anali asananamepo pa lipoti zaka zonsezi, ndipo sanafune kuyamba lero.

"Ayi, bwana. Ndinaona kuti palibe amayi, ndinaona mapewa akutsika, ndinaona dothi lonyowa kumapazi kwa mkulu uja. Koma ndinkaopabe kuti ndi msampha wanu."

"Nanga mukanakhala nthochi m'menemo?"

"Ndikanalephera, bwana. Ndikanabwerera pa kauntala yolandirira madandaulo."

"Munkadziwa zimenezo?"

"Ndinkadziwa."

A Likaka anayang'ana anzawo awiri aja. Mmodzi anagwedeza mutu movomereza, winayo anali atayamba kale kulemba. A Likaka anatembenuza pepalalo n'kulemba kuseri kwake nthawi yaitali, mpaka cholembera chinafika m'munsi. Anasaina, n'kupatsira anzawo kuti nawonso asaine.

"Ine ndakhala pansi pa mango ndi mapepala onse a sewero ili m'manja," anatero, osadzutsa mutu. "Ndawerenga mpaka eyiti." Anatseka fayilo. "Kalata ibwera kuchokera kulikulu, si ine wolengeza. Koma polisi ya kwanu ija denga lake limadontha pamwamba pa tebulo la mkulu penipeni. Mvula ili pafupi. Mupezeretu ndowa."

Esnat anachita sawasha. Kenaka anatuluka.

Panja anapeza Matope akulongedza zishango m'galimoto. Sajeniyo anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kuima pambali.

"Kwerani, madamu." Anakanda kumutu. "Kapena tiyambe taweramitsa mitu?"

Esnat anayang'ana ku mitengo ija, kumene tsopano kunali mtumbira watsopano wa dothi lofiira. Anavula chipewa, ndipo apolisi onse amene anali pamenepo anasiya zimene ankachita. Bilal anatambasula manja ake monga amapempherera kwawo. Esnat anayamba ndi kutchula dzina la Abiti Lajabu.